Bambo Anaphwasula Okha Khola Lawo

M'nyumba bambo anga ankanditchula kuti mayi, monga mmene munthu amatchulira mzimayi wosamudziwa amene wamupatsa malo m'basi. M'khola ankanditchula kuti Kamchira, dzina limene anandipatsa ndili ndi zaka zinayi chifukwa chowalondola paliponse. Kuchokera pakhomo la khitchini kukafika pachitseko cha khola panali mapazi makumi anayi. Kwa zaka ziwiri ndinkayenda nawo mapazi amenewo m'mawa uliwonse, chifukwa kumeneko kokha n'kumene ankandidziwa kuti ndine mwana wawo.

Matenda oiwala anawayamba bambo, mayi anga atangomwalira. Poyamba tinkaseka. Magalasi tinkawapeza mufiriji, supuni m'thumba la jekete, ndipo tsiku lina anavala masokosi onse awiri phazi limodzi n'kumazungulira nyumba kufunsa amene wawabera sokosi. Kuseka kunatha tsiku limene ndinawapatsa tiyi, iwo n'kuimirira, kuvula chipewa, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri mayi, musavutike nane." Ine n'kuti nditabwerera pakhomo banja langa litatha, ndi makina anga osokera ndi masutikesi awiri. Ndimasoka makatani ndi mayunifolomu a sukulu, pabalaza pomwepo, pafupi ndi windo kuti ndiziona kumene bambo alowera.

Kholalo silinali khola wamba. Linali chinyumba cha matabwa, chachitali kuposa nyumba yathu yogona, denga la malata, m'mwamba muli nsanja yosungirapo udzu wouma, pansi zipinda za ng'ombe zisanu ndi zitatu zamkaka. Bambo analimanga okha chaka chimene anakwatira, ndipo mayi ankakonda kunena kuti iwo ndi mkazi wachiwiri, wamkulu ndi khola. Ng'ombe yomaliza tinaigulitsa kalekale, koma fungo silinachoke. Bambo akangogwira mphuthu ya chitseko, nkhope imene m'nyumba inkakhala ngati ya munthu wodikira basi inkabwerera mwakale. Ankatembenuka n'kundifunsa mwaukali kuti, "Kamchira, ndowa wasiya kuti?" Tinkakhalamo ola limodzi, mwina awiri. Ankandikalipira za udzu, za zingwe, za tsitsi langa losapesa, ine n'kumamva kukoma ngati akundiyamikira.

Vuto linali lakuti khola linali litayamba kupendekeka. Chaka chilichonse linkawerama pang'ono kumadzulo, chitseko n'kumakwekwereza pansi. Ine ndinkaona koma ndinkayang'ana kumbali. Mvula itatha chaka chimenecho, m'mawa wina tili mkati, mtanda wa pansanja unathyoka n'kugwa. Unawakhudza bambo paphewa, kung'amba jekete, n'kudzamenya pansi pomwe phazi lawo linali litangochoka. Iwo anangouyang'ana n'kunena kuti, "Uwu ndinaukayikira kuyambira kale." Ine ndinakhala pansi m'fumbi.

Achimwene anabwera Loweruka lake. Iwo ndi oyamba kubadwa, amakhala m'tauni, amagwira ntchito ya inshuwalansi, ndipo amatikonda kwambiri pafoni. Anazungulira khola manja ali m'thumba, akusamala nsapato.

"Mlongo, ili ligwetsedwe. Palibe zokambirana apa."

"Achimwene, bambo amandidziwa muno mokha. Mukachotsa ili mwandichotsera bambo."

"Nanga likawagwera? Udzawadziwa bwanji ali pansi pa malata?"

"Inu mumabwera kangati kuti muzilamula?"

"Ndibwere kangati kuti mzati usiye kuola?"

Ndinawalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera kuuza munthu amene munayamwa bere limodzi. Ndinawakumbutsa za maliro a mayi, kumene iwo anafika mochedwa chifukwa cha msonkhano. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti sankalakwa, ndipo ndinkadziwa. Tinayesa kukhoma loko pachitseko cha khola. Bambo anaima panja pa khola m'mawa wonse akugwedeza lokoyo, dzuwa likuwawotcha, mpaka chala chinatuluka magazi.

Achimwene ndiwo anapeza wogula. Anali kalipentala wa m'tauni, munthu wamfupi wa pensulo kukhutu, utuchi uli m'tsitsi ndi m'nsidze momwe. Anayenda m'mbali mwa makoma akugogoda matabwa ndi chala ngati akugula mavwende. Anati lesitilanti ina yatsopano inamupatsa ntchito ya matebulo, ndipo eni ake akufuna matabwa akale, chifukwa masiku ano anthu a ndalama amakonda kudyera pa zinthu zimene ife tinkachita nazo manyazi.

"Matabwa otere simungawapezenso, mayi. Mitengo yake inatha."

"Ndiye silingakonzeke?" ndinafunsa.

Anatulutsa sikuludiraiva, anagwada patsinde pa mzati wa pakona, n'kubaya. Inalowa yonse ngati m'buledi. Anapita pa mzati wina, chimodzimodzi. Wachitatu unatulutsa chiswe.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero akupukuta manja. "Matabwa ndi mitanda yambiri zili bwino, koma miyendo yonse yapita. Kuti mukonze, muyenera kuphwasula lonse n'kuyambiranso."

"Kuyambiranso kumangira ng'ombe ziti?" anatero achimwene.

Ndinavomera. Ndinene mosabisa, palibe anandigwira pakhosi. Ndinangopempha kuti chitseko chitsale, poganiza kuti bambo akamachigwira zizikhala ngati kale. Kalipentala anawonjezera yekha kuti adzawapangira mkuluyo mpando wa matabwa omwewo, waulere. Tinagwirizana kuti tsiku lophwasula achimwene adzawatenge bambo m'mamawa, akawayendetse m'tauni, adzabwere nawo zonse zitatha.

Tsikulo litafika, lole ya kalipentala inabwera nthawi yake ndi amuna awiri. Foni ya achimwene nayo inabwera nthawi yake, kupepesa kuti bwana waitanitsa msonkhano. Ndinadula asanamalize. Ndinawakhazika bambo pabalaza, ndinatseka makatani, ndinakweza wailesi, n'kuyamba kusoka mwaphokoso ngati makinawo andilakwira.

Anthu aja ankadziwa ntchito. Anayamba ndi malata, kenako matabwa a m'makoma. Thabwa lililonse kalipentala ankalilemba nambala ndi choko lisanazulidwe, n'kulisanja pa udzu. Pofika cha m'ma teni khola linali mafupa okhaokha, mizati ndi mitanda, kumwamba kukuoneka. Apa ndi pamene anaima. Mitanda inalibe msomali ngakhale umodzi. Inalumikizidwa polowetsana, n'kukhomedwa ndi zikhomo za mtengo zonenepa ngati chala chachikulu. Ndinaona pawindo kalipentala akukanda m'mutu, kenako anakwera makwerero ndi hamala n'kuyamba kumenya chikhomo cha mtanda wapakati.

Sindinamve chitseko cha khitchini chikutseguka. Ndinangomva mawu panja, mawu amene ndinawamva komaliza ndili mtsikana.

"Iwe! Tsika msanga! Ukufuna kufa?"

Ndinathamanga. Bambo anali ataima pakati pa khola lopanda makoma, dzanja lili pa mzati, akuyang'ana m'mwamba. Kalipentala anali atauma pamakwerero, hamala ili m'malere.

"Kamchira, anthu awa akutani pano?"

Onse atatu anandiyang'ana. Ndikanatha kunena zoona. Bambo anali bwinobwino nthawi imeneyo, akanamva, akanakwiya, mwina akananditukwana, koma akanakhala atauzidwa ngati mwini khola.

"Akukonza, bambo," ndinatero. "Mizati yaola. Aika yatsopano."

"Eya! Ndakhala ndikunena zimenezi, palibe ondimvera pakhomo pano." Anatembenukira kwa kalipentala. "Koma iwe ntchito unaphunzira kwa ndani? Ukazula chapakaticho, zonsezi zikhala pamutu pako. Chikhomo chimene chinalowa pomaliza ndicho chimayamba kutuluka. Tsika ndikuonetse."

Kalipentala anatsika. Bambo anamugwira pamkono n'kumuonetsa timizere timene anatema ndi tchizulo pamutu pa mtanda uliwonse, kamodzi, tiwiri, titatu, mpaka khumi ndi tiwiri. Ine ndinakulira m'kholamo koma timizereto ndinali ndisanationepo. Anamuuza kuti ayambire pa khumi ndi ziwiri, kum'mawa, n'kumabwerera m'mbuyo. Anamuuza poti achirikize ndi mtengo, poti amange chingwe, ndi mbali imene chikhomo chilichonse chimenyedwere, chifukwa zonse anazisema mosongoka mbali imodzi ndipo ukamenya kolakwika umangochilimbitsa. Kalipentala anamenya kumene anauzidwa. Chikhomo chinatuluka bwinobwino n'kugwera pa udzu, choyera ngati chasemedwa dzulo.

"Mwaona?" anatero bambo. "Zaka makumi asanu, koma chamvera."

Tsiku limenelo bambo anachira. Sindikudziwa mawu ena oti ndinene. Anavula jekete, anapinda malaya, n'kumayendayenda akulamula amuna atatu ngati kapitawo. Mmodzi wa iwo, wamtali wosalankhula, anafuna kunyamula mtanda yekha kuti aonetse mphamvu, bambo n'kumuuza kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo wakewo ngakhale chipewa ukuoneka kuti umavutika nacho. Anthu anaseka mpaka kutsamira mizati. Anawafotokozera amene anawathandiza kudzutsa mtanda waukulu, amalume awiri ndi mnansi wina wa diso limodzi, ndi mmene mayi ankabweretsera madzi ali ndi pakati. Kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Nanga bwana uja ali kuti, mchimwene wakoyo? Ameneyo kuyambira ali mwana, ntchito ikakhala ya thukuta mimba imamupweteka."

Chinali chaka chathunthu asanawakumbukireko achimwene. Ndinaseka misozi ikutsika, iwo n'kundiuza kuti ndisiye zachibwana ndikatenge ndowa.

"Zikhomo zonse muziika umu," anatero ndowa itabwera. "Chisasowe ngakhale chimodzi. Zibwerera m'malo mwake zimenezi."

Kalipentala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Patapita nthawi anandipeza kuseri kwa lole ndikutsuka makapu, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ine zimenezi zikundivuta. Mkuluyu akundiphunzitsa ntchito ndi mtima wonse, ine ndikumubera nyumba ali maso."

"Pitirizani," ndinatero. "Wanama ndine, si inu."

Mtanda woyamba, wa kamzere kamodzi, unatsika dzuwa litapendeka. Mizati inangofuna kukankhidwa, ina inathyokera patsinde yokha. Bambo anakhala pamwala wa maziko, atatopa, fumbi lili kumaso, akumwa madzi. Anandikokera pafupi n'kundipukuta utuchi paphewa.

"Tagwira ntchito lero, Kamchira. Mawa tiyamba mizati. Undidzutse molawirira, anyamatawa ndi aulesi."

Anagona msanga, asanamalize n'chakudya chomwe. Amuna aja anapakira matabwa mwakachetechete, osaponya ngakhale limodzi. Atamaliza anaikankha lole ndi manja mpaka pageti, n'kukailiza ili pamsewu. Zimenezo sindinawapemphe, anaganiza okha.

M'mawa sindinawadzutse. Anadzuka okha, anavala jekete, ndipo tinayenda mapazi athu aja. Pamene panali khola panali bwalo lakuda la makona anayi, miyala ya maziko, ndi timisomali ta malata. Bambo anafika pamene pankakhala chitseko n'kutambasula dzanja monga mwa masiku onse. Dzanjalo linakhala m'malere nthawi yaitali. Kenako analibweza, analiika m'thumba, n'kutembenukira kwa ine.

"Pepani mayi, ndasokera. Ndimayesa ndi kwathu kuno."

"Ndi kwanu, bambo. Ndine mwana wanu."

Anamwetulira mwaulemu, mmene timachitira ndi munthu woledzera amene sitikufuna kukangana naye. Ndinathamangira ku chitseko chija, chimene ndinachitsamiritsa pakhoma la nyumba, n'kuwatengera pomwepo. Anachizindikira nthawi yomweyo. Anachisisita pamene chinasalala ndi dzanja lawo, anagwira chingwe chokokera, nkhope n'kusintha, koma osati mmene ndinkafunira.

"Chitseko ichi mwachitenga kuti?"

"N'chanu, bambo."

"Ndikudziwa kuti n'changa. Ndikufunsa kuti chikutani kwa eni kuno. Sindikunena kuti mwaba, mayi, koma chitseko sichiyenda chokha."

Masiku awiri anakana chakudya cha m'manja mwanga. Ankabisa chikwama chawo chopanda kanthu pansi pa pilo, ndipo ndikalowa m'chipinda ankachigwira. Chitsekocho ndinachikokera kuseri kwa bafa n'kuchiphimba ndi nsalu zotsala za makatani.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse cha m'ma folo ankavala jekete ndi chipewa n'kudzaima pafupi ndi makina anga. "Mwandisunga bwino, mayi, koma mlendo ndi mame. Ndiloleni ndizipita, kwathu andidera nkhawa." Ine ndinkati basi yadutsa kale, mupite mawa. Bodza lachiwiri silivuta ngati loyamba. Tsiku lina ulusi utandikola m'makina bambo anatuluka ine osawaona, ndipo anabwera nawo ndi mayi wa pagolosale, atawapeza pamsewu waukulu akuimitsa malole. Ndinagula loko wa pageti. Achimwene ankaimba foni kufunsa ngati zikusintha, ine ndinkawauza kuti inde, zikusintha, bambo tsopano ndi otetezeka kwambiri.

Patatha masabata atatu kalipentala anabweretsa mpando. Anautsitsa yekha, wokutidwa ndi bulangete, n'kuuvundukula pakhonde ngati akuonetsa mwana wobadwa kumene. Unali wokongola, sindingakane. Wa zogwirira m'mbali, wotsamira bwino, wonyezimira ngati uchi. Anali ataupala mpaka kufika pa mtengo woyera wamkati, kuukwecha ndi sandipepa, n'kuupaka vanishi katatu. Panalibe chipsera, panalibe bowo la msomali, panalibe fungo lina koma la vanishi.

Bambo anakhalapo chakumapeto, mmene munthu amakhalira mu ofesi ya dokotala. Anasisita chogwirira n'kuimirira.

"Mpando wabwino. Ndi wa abambo apanyumba pano? Ndisaudetse." Anakakhala pa sitepe.

Ndinamutembenukira kalipentala ndi mkwiyo wa masabata atatu. Ndinamufunsa ngati m'mutu mwake muli nzeru kapena utuchi womwewo. Ndinamufunsa kuti ngati ndinkafuna mpando wa m'sitolo ndikanalephera kupita kusitolo. Munthu wamkulu, wa imvi, anaima pakhonde panga akupotokola chipewa.

"Mayi, mkuluyu anandiphunzitsa zimene sindinaphunzire zaka makumi atatu. Ndikanamubweretsera bwanji thabwa la ndowe kuti akhalepo? Ndapala masiku anayi, ndi manja, osati makina."

Ndinachita manyazi. Sindinamuuzepo kuti asapale, ndipo iye anachita zimene mmisiri aliyense amachita akafuna kulemekeza munthu. Ndinapepesa, ndinamupatsa tiyi, n'kumufunsa chimene ndinkaopa kufunsa, ngati zinthuzo zingabwerere. Anapukusa mutu. Mitanda yonse anali ataicheka kale kukhala miyendo ya matebulo, timizere tija tinapita ndi utuchi. Madzi akatayika saoleka.

"Atsala ndi matabwa a m'makoma," anatero. "Ali m'shedi kuseri kwa shopu, sindinawakhudze. Akadali ndi fungo la ng'ombe moti mkazi wanga akudandaula zovala zanga. Lolemba alowa m'makina. Eni lesitilanti akundipanikiza."

Lachisanu ndinawaimbira achimwene. Sindinapemphe. Ndinawauza kuti mawa abwere ndi galimoto, ndipo msonkhano ukapezeka asadzandiimbirenso mpaka kalekale. Anafika eyiti isanakwane.

Shopu ya kalipentala ili mumsewu wa owotcherera zitsulo ndi omata matayala, phokoso lokhalokha. Bambo anatsika m'galimoto atagwira chipewa ndi manja awiri, akutithokoza ine ndi achimwene chifukwa chowanyamula. Tinadutsa pakati pa matebulo osamalizidwa. Sanawayang'ane n'komwe. Kalipentala anazimitsa makina onse, n'kutitsogolera kuseri, pabwalo la utuchi, mpaka pakhomo la shedi.

Matabwa anali ataimiritsidwa motsamira makoma onse awiri, mitu yake kukumana m'mwamba, pakati n'kutsala kanjira kopapatiza. Munali kamdima, dzuwa likulowera m'mipata, ndipo fungo linatilandira tisanalowe, la udzu wakale, ndowe youma ndi mkaka. Bambo anaima. Dzanja linatuluka lokha m'thumba n'kukagwira thabwa loyamba. Analowa pang'onopang'ono akusisita, mpaka anafika pa lina lokumbika pakati, losalala ngati sopo.

"Apa ndi pa Mawanga," anatero. "Ng'ombe yokanda khosi ngati ili ndi mphere." Anatembenuka. "Kamchira, matabwa awa wasanja ndani? La kumadzulo lili kum'mawa. Ndikangochoka pang'ono basi."

Anawaona achimwene ataima pakhomo ndi makiyi m'manja.

"Ehe, bwana afika. Ntchito yatha kale, bwana, mukhoza kulowa, simudetsedwa."

Achimwene anatembenuka n'kupita kuseri kwa shedi, ndipo ndinawamva akulira ngati mwana, munthu amene pamaliro a mayi sanagwetse msozi. Atabwerera bambo anawapatsa ntchito yosuntha matabwa kuti akhale mwa dongosolo lake. Achimwene anagwira osadandaula, malaya oyera aja n'kukhala akuda. Kalipentala anatibweretsera benchi, n'kukakhala pakhomo la shopu kubweza makasitomala.

Tinakhala m'shedimo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tinadyera momwemo buledi ndi tiyi wa m'fulasiki. Bambo anatchula ng'ombe zonse, zimene zinkaponda ndowa ndi zimene zinkakana kukamidwa ndi munthu wina. Nthawi ina achimwene atapita kukasamba m'manja, bambo anandiyang'anitsitsa n'kundigwira patsaya.

"Wawonda iwe. Mwamuna uja akukuvutitsa eti? Usapirire zopusa. Bwerera kunyumba, chipinda chako chilipo."

"Ndinabwerera kale, bambo."

"Wachita bwino."

Ndinaona kuti nthawi ndi yomweyi, sipadzakhalanso ina. Ndinagwada patsogolo pawo, mu utuchi.

"Bambo, ndinakunamizani."

"Iwe kunama unayamba kale," anatero akuseka. "Unkamwa mkaka wa m'ndowa n'kunamizira mphaka, mlomo uli mbee. Dzuka apo, ukudetsa diresi."

Ndinadzuka. Mawu otsalawo ndinawameza. Ndinakhala pambali pawo pabenchi, mutu wanga paphewa pawo, phewa lomwe lija linakhudzidwa ndi mtanda. Anandisiya nditsamire.

Cha m'ma faifi mlonda wa pamalopo anayamba kuliza makiyi pageti. Kalipentala anabwera kawiri n'kubwerera. Kachitatu anangoima pakhomo la shedi, maso ali pansi.

"Bambo, tiyeni tikapume," ndinatero.

"Tsogola, ndikupeza. Ndione kaye ngati zonse zili bwino."

"Tiyeni limodzi. Ndigwireni dzanja."

Anandigwira, mwamphamvu, mmene ankandigwirira podutsa msewu. Tinatuluka. Panja kunali kowala kwambiri, ndipo owotcherera a tsidya lina anali akudula chitsulo. Tikudutsa pabwalo la utuchi ndinamva dzanja lawo likufewa m'dzanja langa, zala zikumasuka chimodzichimodzi, mpaka ndinatsala ndine wogwira. Pofika pagalimoto bambo anawavulira chipewa achimwene. Ndinakhala nawo kumbuyo n'kuwamanga lamba.

Galimoto itangoyamba kuyenda anatembenuka n'kuyang'ana pagalasi lakumbuyo. Kalipentala anali akutseka chitseko cha shedi. Bambo anayamba kugogoda windo ndi chala, mwaulemu koma mofulumira.

"Mayi, tawauzani adalaivala aime. Mwana wanga wamkazi watsala m'kholamo. Akumutsekera."

Achimwene anaponda buleki. Anandiyang'ana pagalasi, maso ali ofiira, kudikira kuti ndinene chochita. Ndikanati tibwerere, tikanalowanso, akanandipeza, ndipo tikanatulukanso pabwalo lomwelo.

"Tiyeni, achimwene," ndinatero.

Bambo anayang'anabe kumbuyo mpaka tinakhota pakona ya omata matayala. Kenako anakhala bwino, n'kuika chipewa pamaondo. Tikutuluka m'tauni anandiyang'ana, osati mokwiya.

"Inu muli ndi ana, mayi?"

"Ayi."

"Ndiye simungamvetse," anatero.